Anawafunditsa Nsalu pa Mwala Wobowoka

Ine, Lameck Namaona, wa zaka 61, wochokera m'mudzi mwa Likhomo, mfumu yaikulu Mlumbe, m'boma la Zomba, ndimakhala ku Matawale ndipo ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina pamsika wa konko. Ndabwera kudzadandaula pa zomwe zinachitikira akazi anga, a Ellah Namaona, a zaka 57, Lachisanu pa 18 Okutobala 2019, pa Phiri la Zomba. Bwana amene akundilemberawa andiuza kuti ndiziyankhula mofatsa. Ndiyesetsa, koma mtima wanga sunafatse.

Akazi anga amadwala matenda a shuga. Maso awo sawona bwino, ndiye jakisoni wam'mawa ndimawabaya ndine, pantchafu, ndipo akabayidwa ayenera kudya msanga. Akapanda kudya shuga amatsika. Amayamba thukuta, kunjenjemera, lilime limalemera, kenako amagwa. Ndinaziwonapo kale zimenezi kunyumba, ndipo mankhwala ake ndi siwiti kapena supuni ya shuga m'kamwa basi. N'chifukwa chake sindiyenda nawo popanda masiwiti.

Chaka chatha iwo analowa gulu la mapemphero lomwe limasonkhana m'nyumba ina ku Mbedza. Mtsogoleri wake ndi Ralph Chikopa, mnyamata amene anthu ake amamutcha Papa, ngakhale amayi oti akanatha kumubereka. Ine sindimutcha choncho, ndipo ndikupempha kuti mulembe dzina lake lenileni. Ine ndine wa CCAP, koma sindinawaletse akazi anga, chifukwa munthu wotopa ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku amafuna pomwe angamve mawu omulimbitsa mtima. Pagulu limenelo anthu akamapemphereredwa amagwa pansi, ati agwidwa ndi Mzimu, ndipo pamakhala amayi ena ongoyembekezera kuwafunditsa nsalu kumiyendo kuti asachite manyazi. Nsalu zimenezo ndi zobiriwira, zopindidwa m'mphepete ndi ulusi wachikasu. Ndinazipinda ndine mwini pa makina anga, kwaulere, akazi anga atandichonderera.

Lachinayi madzulo anandiuza kuti m'mawa mwake gulu lawo likupita kuphiri kukapemphera pa mwala wina. Ndinawafunsa za chakudya ndipo anati chikakhala konko. Sindinakhutire. Ngakhale bondo langa ndi phiri sizigwirizana, ndinati ndipita nawo.

Lachisanu m'mawa, cha m'ma 6 koloko, ndinawabaya jakisoni monga mwa masiku onse. Phala linali lisanapse. Iwo anati: "Galimoto itisiya, abambo a Raymond, ndikadyera m'njira." Raymond ndi mwana wathu woyamba. Ndinaika mbatata yophika, botolo la madzi ndi masiwiti m'kachikwama. Mu minibasi ndinawapatsa mbatata, iwo anati adya tikafika. Ndinawona kuti palibe wina aliyense amene akutafuna kanthu, koma sindinaziganizire bwino.

Tinalipo anthu pafupifupi makumi awiri, ambiri amayi. Minibasi sinakwere msewu wa tala wopita ku damu la Mulunguzi. Inazungulira phiri mumsewu wafumbi mpaka mbali ya kumadzulo, komwe kulibe mitengo ya paini, ndipo inaima pomwe msewu unathera, pakamwa pa khwawa louma. Pamenepo Ralph anaima pa chitsa, atavala suti yoyera yomwe manja ake ndi aatali kuposa mikono ya mwini wake, n'kulengeza kuti tsikulo linali la kusala kouma. Palibe kudya, palibe kumwa madzi, ndipo zikwama zonse zitsale m'galimoto. Amene ankalanda zikwamazo ndi Stambuli Matemba, chimunthu chachitali chomwe chimayenda pambuyo pa Ralph paliponse.

Ndinatembenukira akazi anga ndipo anayang'ana pansi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti iwo ankadziwa kale, ndipo anandibisira. Ndinapita kwa Ralph pamaso pa anthu onse n'kumuuza momveka kuti mayi awa abayidwa jakisoni wa shuga m'mawa uno, sanadye kanthu, ndipo akakwera phiri ali choncho agwa. Anandiyankha akumwetulira, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira bwino: "Adadi, shugayo ndi amene tikukamusiya kumtundaku. Inu mwabwera ndi mantha, ife tabwera ndi chikhulupiriro." Anthu anati ameni.

Ndinawagwira dzanja akazi anga kuti tibwerere. Anandikana. Anati: "Musandichititse manyazi pano, chonde. Lero lokha." Anthu onse ankandiyang'ana ngati ndine ndabwera kudzawononga mwambo. Ndinapereka kachikwama kwa Stambuli, amene anandisisitanso m'matumba ngati ndine wakuba pamsika. Sanayang'ane m'chipewa. M'kati mwa chipewa changa muli kathumba komwe ndinasokeramo ndekha, ndipo ndinali nditaikamo masiwiti atatu.

Tinayamba kukwera dzuwa litatuluka kale. Njira yake ndi khwawa lenilenilo, momwe mumadutsa madzi nthawi ya dzinja. Pano munali mchenga wotentha ndi miyala yoterera. Mbali zonse ziwiri kunali makoma a mwala wofiira ngati njerwa zowotcha, aatali moti mphepo sinkalowa. Udzu wonse unali utapsa ndi moto wolusa, ndipo phulusa linkatimata m'miyendo. Panalibe mtengo ngakhale umodzi wa masamba woti munthu n'kubisalapo. Nyenje zinkangolira m'makutu. Malo ena tinkakwera chokwawa, kugwira miyala yotentha ndi manja, amayi akuluakulu atamanga zitenje m'chiuno, akuimba ndi milomo youma. Ralph anali patsogolo, ndipo Stambuli ankamugwirira ambulera.

Titayenda mtunda wonga kuchokera ku Matawale kukafika kumsika waukulu wa m'tauni, ndinawona thukuta likutsika pakhosi pa akazi anga, lambiri kuposa la anzawo. Ndinawanong'oneza kuti ndili ndi siwiti. Anapukusa mutu. Pafupi nawo pankayenda Mavis Kachere, mmodzi wa amayi ofunditsa nsalu aja, atakoleka nsalu zobiriwirazo paphewa. Anandimva ndipo anati: "Abambo inu, musawayese amayiwa. Satana amayamba ndi siwiti." Ndinamuyankha mawu omwe sindikufuna alembedwe muno. Kuyambira pamenepo iye analowa pakati pa ine ndi akazi anga ndipo sanachokepo.

Tinafika pamwamba dzuwa lili pafupi ndi paliwombo. Pomwe khwawa likuthera pali chimwala chachikulu chofiirira chobowoka pakati ngati khomo, bowo lake loti lole ikhoza kudutsa. Ukaima kumunsi n'kuyang'ana m'bowomo umangowona thambo. Anthu odula nkhuni amautcha Mwala Wobowoka, koma Ralph anaupatsa dzina lake, ati Chipata cha Machiritso. Sindinama, ndi chinthu choti munthu ukhoza kuima n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana nkhope ya akazi anga, yomwe inali itatuwa.

Ralph anaima pansi pa bowolo, pomwe panali mthunzi wokhawo wa malo onsewo, n'kunena kuti aliyense adutse mmodzimmodzi iye atamusanjika dzanja, ndipo wodutsayo asiya nthenda yake mbali ino. Anthu anaima pamzere padzuwa. Akazi anga anali chakumapeto. Mzere unkayenda pang'onopang'ono chifukwa aliyense ankayamba wafotokoza mavuto ake.

Asanafike pakati pa mzerewo, manja a akazi anga anayamba kunjenjemera. Kenako miyendo. Anatembenuka kundifunafuna ndipo anatsegula pakamwa, koma lilime linali litalemera kale, mawu ankangotuluka osamveka. Ine ndinadziwa kuti akundiitana. Mavis anakuwa kuti: "Malilime! Amayi Namaona alandira malilime!" Gulu lonse linawomba m'manja. Akazi anga anagwa chagada pa thanthwe, mutu unagunda pansi, ndipo Mavis anatambasula nsalu yobiriwira n'kuwafunditsa kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, n'kuikonza bwinobwino m'mbali kuti isauluke. Zimenezo ndi zokhazo zomwe anawachitira. Ndinawona ulusi wanga wachikasu pamiyendo pawo.

Ndinavula chipewa, n'kutulutsa masiwiti, n'kuthamangira pomwe anagona. Ndinali nditagwada, ndikusenda pepala la siwiti, pamene Stambuli anandimenya padzanja. Masiwiti onse atatu anagwera mumng'alu wa thanthwe momwe dzanja silingalowe. Anandigwira pakhosi pa malaya n'kundikokera kumbuyo, malaya anang'ambika mpaka pamsana. Anandipotokola mkono wakumanja n'kundigwetsa chafufumimba, mlomo wanga unang'ambika pamwala. Mwamuna wina amene sindikumudziwa dzina, wovala malaya a buluu a mizere, anandikhalira pamiyendo. Ndingathe kumuzindikira nditamuwona.

Ndinakuwa kuti munthuyo akufa, si Mzimu, ndi shuga. Ndinakuwa kambirimbiri. Ralph sanasunthe pamthunzi pake. Anandiloza n'kunena kuti: "Mwachiwona? Chiwanda sichili mwa amayiwa, chili mwa mwamunayu. Kwezani nyimbo!" Anakweza nyimbo moti mawu anga sankamvekanso. Mzere unapitirira. Anthu ankalambalala akazi anga, ena kuwadumpha miyendo, kupita kukasanjikidwa dzanja. Mayi wina wachikulire anaima n'kuwayang'ana, ndipo ndinaganiza kuti athandiza, koma anangoti, "Odala inu," n'kupitirira.

Sindinayang'ane nthawi chifukwa nkhope yanga inali pansi, koma nyimbo zinatha zingapo. Ndinkawona mapazi a akazi anga kunsi kwa nsalu. Poyamba ankagwedezeka. Kenako anasiya. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire. Stambuli atasuntha dzanja kuti andigwire bwino, ndinamuluma pamkono ndi mphamvu zanga zonse. Lembani zimenezo, sindikubisa. Akabwera kuno kudzawonetsa bala lake, manowo ndi anga.

Nthawi yomweyo m'bowo muja munatulukira bambo wina kuchokera mbali inayo, atanyamula chikwanje. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Che Selemani, amene amalondera moto m'nkhalango ya pamwambapo. Anabwera atakwiya, akuganiza kuti gululi layatsa makandulo monga amachitira ena. Anakuwa kuti: "Mwayambanso anthu inu? Phiri lonse lapsa ili, mukufuna chiyaninso?" Anthu atawona chikwanje nyimbo inazima, ndipo wa malaya a mizere uja anandichoka pamiyendo. Che Selemani sanawopseze munthu ndi chikwanjecho, anangochigwira.

Ndinakwawira kwa akazi anga. Thupi lawo linali lozizira ndi lonyowa, maso atatembenuka, koma ankapuma. Ndinafunsa Che Selemani ngati ali ndi shuga. Anati ali naye wa tiyi kukanyumba kawo, kuseri kwa mwalawo, pafupi ndi msewu wa malole a matabwa. Ndinafunsa kuti ndi kutali bwanji. Anati ndi pompano, munthu ukhoza kuitana wina n'kukumva. Ndikufuna zimenezi zilembedwe bwino: kuseri kwa mwala umenewo kuli msewu womwe galimoto imafika. Ralph wakhala akupita kumeneko kangapo ndipo akuudziwa. Anasankha kukweza amayi odwala m'khwawa lotentha, opanda madzi, msewu ulipo.

Kubwerera njira yomwe tinadzera kunali kupha munthu. Mbali zonse kunali makoma. Njira inali imodzi yokha, ya m'bowomo. Che Selemani anandithandiza kuwakweza akazi anga kumsana kwanga, ndipo tinawamanga ndi nsalu yobiriwira ija monga amaberekera mwana. Palibe mmodzi wa gululo amene anagwirako. Ndinanyamuka, bondo likulira, n'kulunjika pabowo. Ralph anali ataima pakati. Ndinamuuza kuti achoke, ndipo anapatuka, koma ndikudutsa anatambasula dzanja n'kukhudza mutu wa akazi anga. Manja anga onse anali atagwira miyendo yawo, apo ayi nkhani ino ikanakhala ina.

Nditangotulukira mbali inayo, kumbuyo kwanga kunabuka nthungululu. Ndinacheuka ndipo ndinawona anthu akudumpha, ena akugwa, Mavis atakweza foni yake akujambula.

Kukanyumba kuja Che Selemani anatulutsa shuga wa m'kapepala. Ndinanyowetsa chala, n'kumawapaka akazi anga m'kati mwa tsaya pang'onopang'ono. Patapita kanthawi anabuula ndipo zikope zinagwedezeka, koma sanatsitsimuke. Che Selemani anaimitsa lole ya matabwa yomwe inkatsika, ndipo inatitengera kuchipatala m'tauni. A dokotala anawaika diripi. Anandiuza kuti shuga anali atatsika kwambiri, thupi linali litauma, pamutu panali chotupa, ndipo tikanachedwa pang'ono ndikanabwera ndi maliro. Tsiku limenelo palibe wa gulu lija amene anabwera kapena kuimba foni. Kachikwama kanga sanandibwezere mpaka lero.

Akazi anga anatsitsimuka bwinobwino Loweruka m'mawa. Sanafunse kuti ali kuti, sanafunse za mlomo wanga wotupa. Mawu awo oyamba anali akuti: "Ndinadutsa?" Ine, posafuna kunamiza munthu wodwala, ndinati eya, munadutsa muli kumsana kwanga. Anatseka maso n'kumwetulira. Ndikanadziwa ndikanakhala chete.

Lamulungu masana, nthawi yowona odwala, Ralph anabwera ndi Stambuli, Mavis ndi amayi ena asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ine ndinali nditapita kunyumba kukatenga zovala, ndipo ndinawapeza atazungulira bedi. Mavis ankawawonetsa akazi anga kanema wa pafoni uja. Kanemayo akuyamba pomwe ine ndikunyamuka nawo kumsana. Sakuwonetsa Stambuli akundimenya, sakuwonetsa masiwiti, sakuwonetsa shuga wa Che Selemani. Akungowonetsa ine, Lameck Namaona, ndikudutsitsa akazi anga pa mwalawo, dzanja la Ralph lili pamutu pawo. Ndinamva Ralph akunena kuti: "Amayi, inu munafa. Mzimu unagwira amuna anu osakhulupirirawa kuti akudutsitseni, ndipo munadzuka. Mukabayitsanso jakisoni ndiye kuti mukubweza mphatso." Ndinamugwira jekete n'kumukankhira kukhomo, ndipo anamwino anatitulutsa tonse. Zimenezonso lembani.

Kanemayo tsopano ali m'mafoni a anthu ku Matawale konse. Dzulo mayi wina anabwera pamakina anga osati kudzasoketsa, koma kudzandigwira dzanja, ati ndine mboni. Ndinamuthamangitsa. Ndamva kuti Lachisanu likubwerali Ralph wakonza maminibasi awiri, ndipo akuitana odwala shuga ndi a BP.

Kuyambira Lamulungu lomwelo akazi anga akukana jakisoni. Shuga amene anatsika uja tsopano wakwera, akumwa madzi osakhuta ndipo maso akuwonjezera kuchita mdima. A dokotala ayankhula nawo, anamwino ayankhula nawo, Raymond wabwera kuchokera ku Lilongwe ndipo walira pamaso pawo. Akuchipatala akuti munthu wamkulu wa nzeru zake sangamubaye momukakamiza, ndipo andiuza mosabisa kuti zikapitirira chonchi akomoka, ndipo ulendo uno supuni ya shuga sidzathandiza. Akazi angawo akufuna atulutsidwe kuti akapereke umboni kugulu kuja, atanyamula mabotolo awo a mankhwala kuti akawotchedwe. Mabotolowo ndawabisa kwa mnzanga.

Ndikudandaula Ralph Chikopa, amene ndinamuuza za jakisoni pamaso pa anthu ndipo anamva. Ndikudandaula Stambuli Matemba ndi mwamuna wa malaya a mizere pondimenya ndi kundiletsa kuthandiza akazi anga. Ndikudandaula Mavis Kachere. Ndikupempha apolisi atenge foni yake, chifukwa ndikukhulupirira kuti anayamba kujambula kale ndisanadzuke pansi paja, ndipo akazi anga akawona chiyambi cha kanemayo mwina adzamva. Che Selemani avomera kudzapereka umboni, ndipo amapezeka kukanyumba kawo masiku onse. Ndapereka kwa apolisi malaya anga ong'ambika, kalata yakuchipatala ya mlomo ndi mkono wanga, ndi nsalu yobiriwira ya ulusi wachikasu. Nsaluyo sindikuifunanso.

Lero m'mawa ndisanabwere kuno ndinadzera kuchipatala. Ndinapempha namwino kuti andipatse jakisoni ndiyese ndine, poti dzanja langa analizolowera. Ndinagwada pambali pa bedi, ine amene sindinawagwadirepo chikwatirane, n'kuwauza kuti paja ndinadutsa pamwala paja chifukwa ndi pomwe panali njira yaifupi yokafika pa shuga, palibenso china. Anandisisita kumutu ngati mwana, n'kukokera chitenje pantchafu pomwe ndimabaya. Anati: "Abambo a Raymond, mukukaniranji ntchito ya msana wanu? Papa sanandinyamule. Munandidutsitsa ndinu."

Jakisoniyo ndinamubwezera kwa namwino ali wodzaza.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera zonse, ndamva, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Lameck Namaona ....................

Wolemba umboni: Sajeni T. Mpaso ....................

Zomba, Lachiwiri pa 22 Okutobala 2019